Mlatho umene tinaulola kumira: lipoti la ntchito ya ku East Bank

Lipoti ili ndi la powolokera pa mtsinje wina waung'ono wa ku East Bank m'boma la Chikwawa, umodzi mwa mitsinje ija yotsika m'mapiri a Thyolo n'kukathira mu Shire. Ndine amene ndinatsogolera kujambula mapulani ake, ndipo mvula ikatha ndimapitako kukaona momwe wagonera. Ndalembera anzanga mainjiniya a m'makhonsolo, amisiri, ndi makomiti a chitukuko amene amasaina mapepala a ntchito zotere, chifukwa funso limene linatisautsa pamalopa lidzawapezanso iwo: umamanga bwanji chinthu cholimba pamene palibe angakuuze kukula kwa mphamvu imene idzachikankhe?

M'chilimwe mtsinjewu ndi mchenga wokhawokha. Ana amamenyapo mpira, amayi amafukulamo zitsime. Pamene msewu wa fumbi umadutsa ndi potambalala mamita pafupifupi 30. Tsidya lina kuli midzi ndi minda ya thonje, chitowe ndi mapira, pamene msika, chipatala chaching'ono ndi msewu wopita ku Thabwa zili tsidya lino. Kale panali makalavati a mapaipi okwiriridwa ndi dothi. Madzi a namondwe wa Idai mu Malichi 2019 anawazula, mapaipi ena n'kukapezeka m'madimba kumunsi.

Manambala awiri a m'kalata

Kalata yotipatsa ntchito inali ndi manambala awiri. Mlatho unyamule lole ya matani 10, ndipo upirire madzi osefukira a kamodzi pa zaka 50. Papepala ankaoneka okhazikika, koma titaponda pamalopo onse awiri anayamba kugwedera.

Za lole sizinachedwe kuoneka. Nyengo yogula thonje, ndiponso malole otapa mchenga akamabwera, amadzaza mpaka masipuling'i kuwongoka. Pamsewu wa fumbi palibe sikelo, ndipo dalaivala wofuna kukwera chitunda cha Thabwa dzuwa lisanalowe sangaime kuti awerenge chikwangwani. Tinasiya nambala imodzi ija n'kutenga kulemera kulikonse kuyambira matani 10 mpaka 30.

Madzi ndiwo anatitengera nthawi. Mtsinjewu unalibe choyezera madzi, monga ilili mitsinje ing'onoing'ono yambiri ya m'chigwachi. Dera lothira madzi mwa iwo ndi masikweya kilomita pafupifupi 45, lambiri lotsetsereka. Mvula ikagwa mamilimita 35 pa ola nthaka n'kumwa yambiri, kusiya magawo 30 pa 100 kuti athamange, pa mlatho pamafika madzi okwana makiyubiki mita 130 pa sekondi. Ikagwa mamilimita 55 pa ola pa nthaka yokhuta kale, m'mapiri mometedwa ndi makala, magawo 55 pa 100 n'kuthamanga, pamafika pafupifupi 380. Kuwerengera konse kuwiri ndi kolondola, injiniya aliyense angakusainire, koma kukusiyana pafupifupi katatu. Kutenga nambala yapakati n'kuitcha yankho kukanangobisa vutolo.

Ndiyeno mawu aja akuti kamodzi pa zaka 50 amasocheretsa anthu ambiri, ngakhale ophunzira. Satanthauza kuti madziwo akabwera chaka chino tipuma zaka 49. Amatanthauza kuti chaka chilichonse kuthekera kwake ndi 2 pa 100, ndipo pa zaka 30 zimene mlatho wakumudzi uyenera kukhala, kuthekerako kumafika 45 pa 100. Komanso masamuwa amatsamira pa mvula ya kale. Aliyense wa ku Chikwawa ndi ku Nsanje angakuwerengereni yekha: Januwale 2015, Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023.

Popeza choyezera kunalibe, tinayenda ndi akuluakulu a m'mudzi kuti atisonyeze pamene madzi anafikapo. Anatilozera pa mlambe, pa khoma la tchalitchi, ndi pa chiunda cha nyumba ina yosiyidwa. Tinayeza zizindikirozo ndi levulo, chida choyezera kukwera kwa malo, ndipo zinagwera mkati mwa manambala athu aja, kufupi ndi kumtunda kwake. Koma chofunika kwambiri anatiuza gogo wina amene sanafune n'komwe kuyang'ana zizindikirozo. Anati: "Mwananga, usamangoyeza pamene pali mchenga lero. Madzi saiwala khwawa, ndipo khwawa la mtsinje uno lili uko kuli mitondo." Mitondoyo inali mamita ngati 80 kumwera. Titakumba maenje oyesera pamenepo tinapeza mchenga wa mumtsinje pansi pa makande. Choncho ngakhale malo enieni a mtsinjewo sanali otsimikizika. Izi si zachilendo kuno, pakuti mitsinjeyi ikatuluka m'phiri n'kufika pachidikha imataya mchenga, bedi lake limakwera, kenako imadumpha n'kutsata njira ina. Ruo weniweniyo anasintha njira cha ku Makhanga mu 2015.

Mphamvu imene madzi amakankha nayo mzati siikwera mofanana ndi liwiro. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi. Madzi oyenda mamita 2 pa sekondi amakankha ngati makilogalamu 200 pa sikweya mita iliyonse, oyenda mamita 4 amakankha ngati 800. Mzati wa theka la mita m'madzi akuya mamita 3, othamanga mamita 3 pa sekondi, umalandira mphamvu yosakwana tani imodzi, ndipo imeneyo si kanthu. Koma mtengo wozuka ndi mizu yake ukapingasa pamzatipo, n'kukola nthochi, mapesi ndi bango, pamakhala chikhoma cha mamita 6 m'lifupi ndi mita ndi theka kuya. Pa liwiro lomwelo mphamvu imafika matani 4, ndipo madzi akathamanga mamita 4 pa sekondi imapitirira matani 7. Mzati ndi womwewo, koma katundu wake wakula kasanu ndi kamodzi chifukwa cha mtengo umene lero udakaima m'phiri.

Pansi palinso nkhani ina. Madzi akamazungulira mzati amafukula mchenga, ndipo dzenjelo limakula chigumula chili pachimake, pamene munthu sangalione. Madzi akaphwa limakwiririkanso, n'kuoneka ngati palibe chachitika. Milatho yambiri imagwa motere osati chifukwa cha katundu wapamwamba. Ngakhale ku America, mlatho wa Schoharie Creek m'chigawo cha New York unagwa mu 1987 n'kupha anthu 10 madzi atafukula pansi pa maziko ake. Chaka china mtsinje wathu womwewu m'malo mofukula umakwirira, mchenga n'kutseka njira ya madzi. Tinayenera kukonzekera zonse ziwiri.

Chomaliza chinali konkire yathu yomwe. Papulani timalemba mphamvu ya 25 MPa, muyeso wa kulimba kwa konkire. Koma mu Okutobala kuno kutentha kumapitirira madigiri 40, konkire imayamba kugwira idakali mu wilibala, ndipo mmisiri wotopa amathiramo madzi kuti iyende. Mchenga wa mumtsinje nthawi zina umabwera ndi matope. Sindikunyoza amisiri, ndi mmene ntchito imakhalira padzuwa lotere. Tinawerengera kuti yothiridwayo ingakhale paliponse pakati pa 18 ndi 28.

Zimene kompyuta inatipatsa

Njira imene tinagwiritsa ntchito m'maphunziro athu imatchedwa structural optimization. Umauza kompyuta zinthu zimene ingasinthe, monga kutalika kwa mlatho kuchoka pa mchenga, kuchuluka kwa zipata za madzi, kunenepa kwa mizati ndi silabu (konkire yapamwamba yodutsapo anthu ndi magalimoto), kuya kwa maziko, ndi kutalika kwa miyala yotetezera kumunsi. Umaiuza malire amene isadumphe, kenako imasakasaka pulani yotsika mtengo koposa. Sizifuna makina odula. Ife tinachita pa laputopu wamba.

Poyamba tinaipatsa manambala a m'kalata aja, china chilichonse chili pakatikati. Inatulutsa mlatho wooneka bwino ndi wotchipa: mizati yopyapyala ya mamilimita 300, maziko akuya mita ndi theka, miyala yakumunsi yochepa. Sinalakwitse. Inachita chimene tinaituma, kuchotsa chitsulo chilichonse ndi thumba lililonse la simenti limene katundu mmodzi uja sakulifuna. Apa ndi pamene pagona ngozi ya njirayi, ndipo akatswiri anaiona kale. Mu 1997 Aharon Ben-Tal ndi Arkadi Nemirovski anasonyeza kuti chimango cha zitsulo chosefedwa motsata katundu mmodzi chikhoza kufooka kwambiri pakangobwera kakatundu kakang'ono kuchokera mbali ina. Chinthu chotere chili ngati mphika pa mafuwa atatu: chakhala bwino, koma fuwa limodzi likasuntha palibe chinanso chogwira.

Kenako tinatenga pulani yomweyo n'kuiyesa pa nyengo zongoyerekeza masauzande angapo, mwa njira ya Monte Carlo. Nyengo iliyonse kompyuta imatola mwachisawawa kuchuluka kwa madzi, kukula kwa mtengo wopingasa, kuya kwa dzenje, kukwera kwa mchenga, mbali imene madzi akuchokera, mphamvu ya konkire ndi kulemera kwa lole, zonse mkati mwa malire tinapeza aja. Pulani yotchipa ija inagwa mu pafupifupi nyengo imodzi mwa zitatu zilizonse.

Tinasintha funso. M'malo mofunsa kuti wotchipa koposa ndi uti pa katundu uyu, tinafunsa kuti ndi uti amene ngakhale zinthu zitaipa chotani mkati mwa malirewa sadzatitayitsa zambiri. Mu mtengo tinaphatikizamo kumanga, kukonza pa zaka 30, ndi masiku amene anthu angakhale osawoloka. Tinayerekeza mitundu itatu.

Makalavati a mapaipi sanachedwe kugwa m'mpikisano. Pa madzi apakati ndi otchipa kuposa onse, koma paipi ya mamilimita 900 imatsekeka ndi chitsa chimodzi, mtumbira wa msewu umasanduka damu, madzi akadumpha pamwamba amaudya m'maola ochepa. Ndi zimene zinachitika mu 2019.

Mlatho wautali, wokwera pamwamba pa madzi osefukira, wa zipata ziwiri za mamita 15 ndi mitumbira mbali zonse, ndi umene mtima wa aliyense unkafuna, wanga womwe. Pa madzi ofika mpaka nambala ya m'kalata unkachita bwino koposa, anthu akuwoloka mvula ili mkati. Koma mtengo wake unkapitirira kawiri ndalama zimene zinalipo, ndipo m'nyengo zoipa kugwa kwake kunali kowawa. Mitumbira yopingasa chidikha imakakamiza madzi onse kudzera pakhomo limodzi, liwiro limakwera, dzenje limazama, ndipo mtsinje ukabwerera kumitondo kuja umadula mtumbira n'kusiya mlatho uli chilili pouma. Anthu a m'chigwa chino chithunzichi amachidziwa. Mu 1997 madzi anadula mtumbira wa njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Chiromo, mlatho wa pa Shire uli pomwepo, ndipo kwa zaka zambiri anthu akhala akuwoloka pa Mtayamoyo ndi mabwato.

Wachitatu unali mlatho wotsika, wopangidwa dala kuti madzi aakulu azidutsa pamwamba pake. Pa nyengo iliyonse payokha sunali woyamba kawirikawiri. Madzi akachepa unkagonja kwa makalavati pa mtengo, akakhala apakati unkagonja kwa wautali pa masiku owoloka. Koma unalibe nyengo imene unkatayika wonse. Chifukwa chake n'chosavuta: madzi akangokwera kupitirira silabu, owonjezerawo amangodutsa, ndipo mphamvu yokankha mlatho siikulanso kwambiri. Kusiyana kuja kwa 130 ndi 380, kumene kunatisowetsa tulo, pa mlatho wotere kumachepa mphamvu. Ichi ndicho ndinachikonda pa pulaniyi. Sitinachotse kusadziwa kwathu, tinasankha chinthu chimene kusadziwako sikuchivulaza kwambiri.

Titaona chimene chimagwetsa mlatho m'nyengo zoyerekeza zija, zinapezeka kuti kuya kwa maziko ndi chitetezo cha m'mbali ndizo zinkalamula. Lole yolemera ndi konkire yofooka zinkabwera patali. Choncho ndalama zinatsika kuchoka pamwamba, poonekera, kupita pansi pa mchenga pamene tsiku lotsegulira mlatho palibe angajambule.

Chimene tinamanga

Tinamanga m'chilimwe cha 2021. Mlatho ndi wa mamita 33, zipata zisanu ndi chimodzi za mamita 5.5, ndipo pansi pa silabu pali mpata wa mamita 1.2 kuchoka pa mchenga. Mpata umenewu umadutsitsa madzi pafupifupi makiyubiki mita 90 pa sekondi, kutanthauza mvula wamba yonse ya dzinja. Mizati ndi makoma a mamilimita 450 a mphuno zozungulira, oima pa konkire imodzi yoyala pansi ponse. Kumtunda kwa konkireyo kuli khoma lolowa pansi mamita 2, kumunsi lolowa mamita 3, ndipo kutsogolo kwake tinayala magabiyoni, mabokosi a waya odzaza miyala, mamita 6. Kukumba mamita 3 mumchenga wa madzi ndi ntchito yowawa. Makoma a dzenje amagumuka, mapampu amalira usana ndi usiku, ndipo apa ndi pamene kontirakitala aliyense amapempha kuti mulekere pa mamita 2. Woyang'anira ntchito asamachoke pamalopo tsiku lothira khoma limeneli.

Silabu ndi ya mamilimita 350, yosalala kunsi, yopanda mitanda yolendewera. Chifukwa chake ndi ichi: konkire imalemera makilogalamu 2,400 pa kiyubiki mita, koma ikamira madzi amaipepukitsa ndi 1,000. Sikweya mita ya silabu yathu imatsika kuchoka pa makilogalamu 840 kufika pa 490. Mitanda ikanatsekera mpweya pansi n'kuwonjezera kuyandama. Mlomo wakumtunda tinauzungulitsa kuti mitengo izitsetsereka, ndipo silabu tinaimangirira ku mizati ndi zitsulo kuti isanyamuke. Zotchinga za m'mbali sitinaike, chifukwa pa mlatho womira zimasanduka ukonde wokola zinyalala. Pali timizati tifupitifupi tolozera m'mphepete.

Pali zinthu ziwiri zimene kompyuta ikanazichotsa tikanailola. Choyamba, silabu ndi imodzi kuyambira tsidya lino mpaka lina, ndi zitsulo za Y20, zonenepa mamilimita 20, pamwamba ndi pansi zosadukiza pa mizati. Mzati umodzi utati watitimira, silabu ingang'aluke koma ingadzinyamule yokha pa mamita 11, pamodzi ndi anthu, njinga ndi ngolo, mpaka okonza atabwera. Lole ingaletsedwe, koma wodwala angadutse. Popeza silabu yaitali chotere imafutukuka pafupifupi sentimita imodzi kutentha kukasintha ndi madigiri 30, tinasiya mpata kumapeto konse kuwiri.

Chachiwiri, tinasankha tokha pamene padzayambe kuwonongeka. Mbali yakumwera, kuloza kumitondo, chigawo cha msewu cha mamita 40 tinachisiya cha gelevulo, chotsikirapo kuposa konkire yolowera pa mlatho. Madzi akachuluka amayamba kudya pamenepo, n'kupepukitsa mlatho. Pansi pake tinakwirira mzere wa magabiyoni kuti akadya gelevuloyo asakumbe khwawa lakuya n'kusamukira konko. Chigawo chimenechi chimabwezeretsedwa ndi thirakitala, makasu ndi mawilibala. Ena amachiona ngati ntchito yosamalizidwa, ndipo ndakhala ndikufotokoza kangapo kuti ndi chadala.

Zonsezi zinakweza mtengo ndi pafupifupi 15 pa 100 poyerekeza ndi pulani yotchipa ija, koma kugwa m'nyengo zoyerekeza kunatsika kufika pansi pa 3 pa 100. Konkire tinkathira m'bandakucha n'kuifunda ndi masaka onyowa kwa sabata yathunthu, ndipo mchenga tinkauyesa m'botolo la madzi kuona matope. Zotsatira za ku labu ku Blantyre zinagwera mkati mwa malire tinaika.

Msonkhano wa pansi pa mtondo

Tisanayambe kukumba tinafotokoza pulaniyi kwa mafumu ndi anthu, ndipo sinalandiridwe ndi manja awiri. Anthu ankayembekeza chofanana ndi Kamuzu Bridge, chaching'ono chabe. Mayi wina anaimirira n'kufunsa: "A injiniya, mlatho womira ndi mlathonso? Nanga mwana akatentha thupi usiku madzi ali pamwamba, ife tidzatani?"

Funso limeneli ndi lolemera kuposa masamu athu onse, ndipo sindikufuna kuti wowerenga aliyense alidumphe. Pulani yathu ili ndi mtengo umene sulipiridwa ndi khonsolo kapena opereka thandizo, koma ndi mayi ameneyu. Ndinawayankha kuti, mayi, n'zoona, padzakhala maola, mwina usiku wathunthu, amene simudzawoloka. Mitsinje yochoka m'phiri imakwera msanga n'kutsikanso msanga, choncho kudikirako ndi kwa maola, pamene mlatho wautali ukadukidwa mtumbira kudikira kwake ndi kwa miyezi kapena zaka, kufikira ndalama zina zitapezeka. Anthu anali atakhala kale madzinja awiri opanda powolokera, ndipo kusiyana kumeneku ankakudziwa kuposa ine. Anavomera, ngakhale si onse mokondwa.

Tinagwirizana zinthu zingapo pomwepo. Timizati ta m'mphepete tinapakidwa utoto wofiira pa msinkhu wotsika, kuti madzi akaufika munthu, kabaza kapena ngolo asayerekeze, pakuti madzi othamanga ofika m'mawondo amagwetsa munthu wamkulu. A nyakwawa anavomera kuti amayi oyembekezera a tsidya lija azipita kuchidikiro mwamsanga miyezi ya Januwale mpaka Malichi. Komiti ya mlatho inalandira zikwanje, nkhwangwa, mafosholo ndi chingwe kuti izichotsa zokola madzi akangophwa. Izi ndimaziwerengera ngati mbali ya pulani, mofanana ndi zitsulo. Mlatho wotsika wopanda anthu ouyang'anira ndi msampha.

Ana ndi Freddy

Mlathowu sunapume n'komwe. Mu Januwale 2022 kunabwera Ana, amene anagumula damu la Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 m'dziko muno, ndiponso kudula msewu wa M1 m'boma la Chikwawa. Pa mlatho wathu madzi anadutsa pamwamba usiku wonse ndi gawo la tsiku lotsatira. Mtengo waukulu unapingasa pa zipata ziwiri zapakati. Chigawo cha gelevulo chija chinapita monga tinakonzera, ndipo magabiyoni okwiriridwa aja anagwira. Kumunsi madzi anapinda magabiyoni ena n'kukumba dzenje. Tisanalikwirire tinaliyeza ndi ndodo yachitsulo, ndipo pafupi ndi khoma linali lakuya mamita 2.2. Maziko a pulani yotchipa ija anali a mita ndi theka. Anthu apansi anayamba kuwoloka madzi atangophwa, ndipo magalimoto anadikira kuti gelevulo abwezeretsedwe.

Freddy mu Malichi 2023 anabwera ndi vuto lina. Mvula yake inakhalitsa masiku, mapiri anagumuka, ndipo chotsika sanali madzi okha koma mchenga ndi miyala. Ife tinalola kuti mchenga ungakwere mpaka mita imodzi. Unapitirira pamenepo, n'kutseka zipata zinayi mpaka kukhudza silabu. Mlatho sunasweke ndipo sunasunthe, koma kwa nyengo yotsalayo unasanduka msewu wa konkire woyala pa mchenga, kamvula kalikonse kakudutsa pamwamba. Masiku osawoloka anachuluka kuposa amene ndinalonjeza pansi pa mtondo paja. Komiti ndi achinyamata anafukula zipata ziwiri ndi mafosholo, ndipo madzi a dzinja lotsatira atapeza njira anatsuka zinazo pang'onopang'ono.

Apa pali phunziro la njira yonseyi limene anzanga ayenera kulimva bwino. Kusefa pulani motsata nyengo masauzande kumakutetezani mkati mwa malire amene mwaika nokha, basi. Nambala ija ya 3 pa 100 sinena kanthu za chinthu chimene simunachilowetse. Chimene chinapulumutsa mlathowu kwa Freddy si kompyuta, koma mtundu wake: chinthu chotsika, cholemera, chomangirirana, chimene chikakwiririka chimafukulidwa. Ndiye poyamba sankhani mtundu umene kugwa kwake ndi kofatsa, kenako muitane kompyuta kuti ikuthandizeni pa miyeso. Ndaonapo mapulani ochita mosemphanitsa, masamba ambirimbiri a masamu osalala okutira chinthu chimene chikangolakwika kamodzi chatha.

Sindikunena kuti paliponse pamangidwe mlatho wotsika. Pa msewu wa M1, kapena pa Shire, Ruo ndi Mwanza pamene madzi amakhala pamwamba masiku ambiri, maola osawoloka aja angasanduke masabata ndipo yankho lingakhale lina. Pulani iyi ndi ya mtsinje wa mchenga wokwera msanga, msewu wa magalimoto ochepa, ndi thumba loperewera.

Zimene tasintha ndi zimene zatsala

Pa mapulani a malo ena ofanana, malire a mchenga tawakweza kufika podzaza chipata chonse, ndipo tikuyesa zipata zochepa koma zotambalala, zoti thirakitala yokhala ndi fosholo ingalowemo. Kusinthaku kumanenepetsa silabu, choncho tikuwerengeranso ngati phindu lake likuposa simenti yowonjezerayo. Magabiyoni akumunsi tikuwamangirira ku khoma ndi waya wokulirapo, chifukwa amene anapindidwa ndi Ana anayambira polumikizira.

Pa mzati wakumapeto tinajambula miyeso ya masentimita, ndi ina pa mzati wa konkire umene tinazika pamtunda, ndipo mphunzitsi wa pasukulu yapafupi amalemba m'kope msinkhu wa madzi ndi ola lake mvula ikagwa. Kope limeneli ndi loyamba la mtundu wake pa mtsinjewu. Zaka zikachuluka lidzachepetsa kusiyana kuja kwa 130 ndi 380, ndipo womanga pambuyo pathu sadzalipira simenti ya kusadziwa yochuluka ngati ife. Ndikupempha makhonsolo kuti mlatho uliwonse watsopano uzikhala ndi miyeso yotere, ndiponso kuti ndalama zobwezeretsa gelevulo ndi kufukula mchenga zizilembedwa mu bajeti chaka chilichonse, chifukwa pa mlatho wotere kuwonongeka kumeneko ndi koyembekezeka.

Funso la mayi uja silinayankhidwe mokwanira. Mamita ngati 600 kumtunda, mtsinje usanatuluke m'phiri, pali popapatiza pa thanthwe mbali zonse, pamene mtsinje sungasamuke ndipo madzi sangafukule. Tinayezapo ndipo pangakwane kamlatho ka anthu apansi ka zingwe zachitsulo, kokwera pamwamba pa zizindikiro zonse za madzi zimene akuluakulu anatisonyeza, kotambalala moti anthu anayi onyamula wodwala pa machira angadutse. Mapulani ake tinapereka ku komiti ya chitukuko ya deralo, ndipo akudikira ndalama.